Mpando wakumbuyo umene unatsala ku Chegutu

Galimoto ija inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yotsika kwambiri moti pa mabampu a kwathu ku Waverley, m'tauni ya Kadoma, inkakhula mimba pansi. Bambo a mwana wanga anaigula kwa mkulu wina chaka chimene golide anawayanja ku Muzvezve. Inali yakale kuposa ine. Ankati ndi galimoto ya mpikisano, ndipo akailiza m'mawa agalu a mzere wathu wonse ankauwa. Ine sindinaikonde, koma sindinanene. Mawu amandikanirira pakhosi kuyambira ndili mwana. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana zala zanga.

Chimene ndinkachikonda pa galimotoyo chinali mpando wakumbuyo. Unali wopanikiza, ndipo kuti ulowe unkayamba wapinda mpando wakutsogolo n'kuwerama ngati ukulowa m'khola la nkhuku. Koma mpando umenewo ndi umene unkanyamula amayi anga.

Amayi amakhala ku Eiffel Flats, m'nyumba ya mgodi imene anasiya malemu bambo. Ali ndi shuga, ndipo nthawi imeneyo anali ndi bala kuphazi lakumanja limene linkakana kupola. Lachinayi lililonse ankafunika kuchipatala ku Kadoma kuti anesi akatsuke balalo. Kombi, minibasi ya kuno, anaisiya tsiku limene munthu wina wa majombo anawaponda pabala pomwepo, n'kufika kuchipatala bandeji ili magazi okhaokha.

Amayi anabadwira mukomboni, ku Malawi sanapondeko, koma mwambo wa makolo awo anaugwira zolimba. Mkamwini sayang'anizana naye maso, sadyera naye pamodzi, sakhala naye mogundana. Bambo a mwana akafika pakhomo, amayi amayankhula kudzera mwa ine, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. "Uwauze apongozi kuti afika bwanji." Ine n'kutembenuka kunena zimene mwini wake wamva kale. Choncho m'galimoto amayi ankakhala kumbuyo, nkhope ku windo, ine pambali pawo ndi mwana pamiyendo. Mpando wakutsogolo unkanyamula chikwama cha matewera. Bambo a mwana ankaseka kuti tawasandutsa dalaivala wa takisi, koma ankadziwa bwinobwino chifukwa chake. Ichi ndikufuna chimveke. Ankadziwa.

Vuto linayamba ndi wailesi. Inali ya makaseti, ndipo sipika imodzi inkalira ngati ntchentche ili m'botolo. Anzawo okumba nawo golide ankawaseka kuti galimoto yokongola koma yosalankhula. Loweruka lina anati tipite ku Chegutu, kuli m'misiri wa mawailesi amene aliyense akumutama. Ine ndinatsagana nawo poganiza kuti akungosintha wailesi basi.

M'misiriyo ankagwirira ntchito pa shedi ya malata pafupi ndi pokwerera makombi. Anali wamfupi, wa ndolo kukhutu, woyankhula Chishona chothamanga. Anatulutsa wailesi yatsopano ya magetsi abuluu, timasipika ta m'zitseko, ampu yokulitsira mawu, ndi masipika awiri aakulu ngati mabeseni osambitsira mwana. Atatsegula buti anapukusa mutu.

"Mudhara, akulu anga, umu simulowa kanthu. Awa amafuna bokosi lalikulu, apume. Mukawapanikiza mwataya mari yanu."

"Ndiye titani?" anafunsa bambo a mwana.

M'misiri uja anasuzumira m'galimoto n'kumenya mpando wakumbuyo ndi chikhatho. "Uwu uchoke. Galimoto ngati iyi si ya banja. Amakwera kuno ndani?"

Ine ndinali pa tayala lakutha pansi pa mtengo, ndikuyamwitsa. Bambo a mwana anandiyang'ana kamodzi, mwachangu, kenako anayang'ana masipika aja.

"Palibe," anatero.

Ndinatsegula pakamwa. Panali amuna anayi kapena asanu pamenepo, onse achilendo, ndipo ndinatsekanso. Mpaka lero ndimadzikwiyira chifukwa cha kutseka kumeneko.

Mabawuti ena anali atachita dzimbiri, ndiye anabweretsa gulainda, makina odulira zitsulo, n'kudula. Ndinkaona moto ukuthetheka m'kati mwa galimoto. Anatulutsa mpandowo zidutswa ziwiri, chokhalira ndi chotsamira, n'kuuponya pansi pa mtengo pafupi ndi ine. Pamene unali panapezeka sokosi ya mwana ndi kapini ka bandeji ya amayi. M'misiri anazisesa ndi dzanja. Kenako anakoka waya wofiira wonenepa kuchokera ku batire, kudutsa pansi pa kapeti, anamanga ampu, nalowetsa bokosi lokutidwa ndi nsalu yakuda limene linadzaza malo onse mpaka ku windo. Atayatsa, malata a shedi ananjenjemera. Mwana anasiya bere n'kukuwa. Amuna aja anawomba m'manja.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo, mwana pamiyendo, ndamutseka makutu ndi manja anga. Msana wanga unkagunda ngati wina akundimenya ndi mtsamiro. Titadutsa theka la njira ndinakwanitsa kunena mawu awiri.

"Nanga Lachinayi?"

Bambo a mwana anachepetsa wailesi pang'ono. "Mwati chiyani, amake mwana?"

"Lachinayi amayi akhala pati?"

"Akhala pamene mwakhala inupo. Mpando ndi mpando. Zinthu zinasintha, kuno si kumudzi." Anakwezanso.

Lachinayi tinapita ku Eiffel Flats. Maganizo awo anali akuti ine nditsale kumeneko ndi mwana, iwo apite ndi amayi awiriwiri. Amayi anali atasamba kale, atavala duku lawo la kutchalitchi, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Anatuluka ndi ndodo pang'onopang'ono. Atafika pa galimoto anasuzumira kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

"Ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Masipika, amayi."

Anayang'ana bokosilo, anayang'ana mpando wakutsogolo, ndi kadanga kakang'ono kamene kali pakati pa mpandowo ndi wa dalaivala, pamene dzanja losintha magiya limagunda bondo la munthu.

"Uwauze apongozi kuti zikomo. Lero phazi silikupweteka."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Bambo a mwana anamenya chiwongolero. "Zachikale zimenezi! Ndiwadya ine?" Anadikira pang'ono, kenako ananyamuka okha kupita ku Muzvezve, nyimbo zikumveka mpaka kumsewu waukulu.

Ndinawachonderera amayi kuti tikwere kombi, ndikhala nditawatchinga phazi. Anakana. Ndinati ndikapempha galimoto kwa mkulu wa mpingo. Anati ndisayalutse mwamuna wanga kwa anthu. Ndinawatsuka ndekha ndi madzi otentha a mchere, mmene ndinkaonera anesi, koma ine si nesi. Lachinayi lotsatira zinali zomwezo. Bambo a mwana anati galimoto ilipo, akafuna akwere. Amayi anati phazi lili bwino. Ine ndili pakati, ndikunyamula mawu a uyu kupititsa kwa uyo ngati wa mtengatenga. Amayinso ndinawakwiyira, ndisaname. Munthu wamkulu kulolera phazi kuwola chifukwa cha kugundana bondo ndi mkamwini! Koma amayi sanachotse kanthu pa malo ake. Amene anadziwa mwambowo n'kudula mabawuti ndi wina.

Lamulungu la sabata yachiwiriyo nditamasula bandeji, fungo linandibweza. M'mbali mwa bala munali mutada, ndipo chala chaching'ono chinali chitasintha mtundu. Amayi anaona nkhope yanga.

"Usakayambane ndi mwamuna wako chifukwa cha phazi langa," anatero. "Ine ndakalamba kale."

Lolemba m'mawa ndinabereka mwana n'kukwera kombi ya ku Chegutu. Sindinauze munthu.

Mpando unali pompaja pansi pa mtengo. Anali atauika pa njerwa, ndipo amuna awiri anali atakhalapo akusewera drafuti ndi zotsekera mabotolo. Ndinaima chapatali. Ndinaima mpaka mwana anayamba kulemera kumsana. Kenako ndinakumbukira fungo lija, ndipo miyendo inayenda yokha.

"Ndabwera kudzatenga mpando."

Sanadzutse n'komwe mitu. "Mpando uti, amai?"

"Umene mwakhalirawo."

Anaseka. Mmodzi anaitana m'misiri uja, amene anatuluka ali ndi waya kukamwa. Anandizindikira.

"Aa, amai a galimoto yofiira! Mudhara wanu anatisiyira uwu. Anati alibe nawo ntchito."

"Iwo alibe nawo ntchito. Ine ndili nawo."

"Ndiye abwere okha adzanene. Nkhani za galimoto n'za amuna."

"Pamene mumadula, ine ndinali apa," ndinatero. "Munafunsa iwo okha. Pampandopa pamakhala amayi anga popita kuchipatala. Masabata awiri sanapite, phazi likuwola. Dzukani."

Amene anali ndi tsitsi la imvi anayamba kudzuka, n'kukoka mnzake. "Dzuka iwe. Ndi mpando wa ambuya uwu." Ambuya m'Chishona ndiwo apongozi aakazi. M'misiri anachotsa waya kukamwa, nakanda m'mutu. Anati zitsulo zomangira anadula, pafunika wowotcherera. Analowa m'shedi n'kubwera ndi tizitsulo tinayi m'kapepala ka pulasitiki, nati anali asanataye. Sindinathokoze. Mwina ndikanathokoza.

Wa ngolo yokankha anandifikitsira pokwerera. Kondakitala wa kombi poumanga padenga anafuula kuti, "Amai awa agula galimoto pang'onopang'ono, lero ayamba mpando, mawa matayala!" Kombi yonse inaseka. Ine ndinangoyang'ana kunja mpaka ku Kadoma.

Ku Waverley ndinafika dzuwa litapendeka. Galimoto ndinaimva ndisanaione. Inali pa kashopu ka pakona pathu, zitseko zili pululu, bambo a mwana ndi anzawo atazungulira ndi mabotolo m'manja. Kuchokera potsikira ndinakoka zidutswa ziwiri zija m'fumbi, chimodzi dzanja ili china dzanja ilo, mwana ali kumsana. Azimayi ogulitsa tomato anasiya kucheza. Ndinafika n'kuziponya patsogolo pa galimoto.

Ndinayankhula, koma ngakhale ine sindinadzimve. Bambo a mwana analoza khutu, akuseka mwamanyazi. Ndiye ndinalowetsa dzanja m'galimoto n'kuzula kiyi. Kunangoti zii.

"Phazi la amayi layamba kununkha," ndinatero. "Chala chada. Inu munati kumbuyo kulibe wokwera. Munanena ine ndili pomwepo, mwana wanu ali pabere. Amayi anakulandirani mulibe ngakhale njinga. Mpando ndi uwu. Kwatsala masiku atatu kuti Lachinayi lifike."

"Amake mwana, nkhani izi tikakambe kunyumba."

"Kunyumba simumamva. Mumati zachikale."

Mnzawo wina, Mshona wa ku Muzvezve, anaika botolo pansi. "Iwe, unkafuna ambuya akhale kutsogolo, pambali pako? Ngakhale kwathu sizichitika zimenezo." Ena anayamba kuyang'ana mafoni awo. Mmodzi anakumbukira kuti amuitana kwinakwake.

Ndinaika kiyi pa boneti n'kupita kunyumba. Nditatseka chitseko ndinakhala pansi pa simenti n'kulira, mwana akundikoka duku.

Bambo a mwana sanandiyankhule tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Sadza, nsima ya kuno, ankadya atayang'ana kukhoma. Lachitatu m'mawa ndikuchapa matewera ndinamva sipanala ikugogoda. Anali atagwada m'galimoto akumasula bokosi, yekha, akutukwana mawaya. Masana anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika. Mpando unabwerera wopendekeka pang'ono, ndi banga la mafuta pamene ankakhala a drafuti aja.

Lachinayi amayi analowa kumbuyo osafunsa kanthu, nkhope ku windo. Njira yonse munalibe nyimbo. Nesi atamasula bandeji anandiyang'ana n'kufunsa kuti masabata awiri onsewa tinali kuti. Ndinayang'ana pansi. Sindikanatha kumuuza kuti tinali ku masipika. Anawagoneka amayi tsiku lomwelo, ndipo patapita masiku anadula chala chija. Adokotala anati ndi shuga zimachitika, mwina chikanapitabe. Bambo a mwana amakonda kubwereza mawu amenewo. Ine ndimangomva "mwina" yekhayo.

Bala linapola, amayi akuyenda, ndipo kuchipatala amapitabe kamodzi pamwezi pa mpando womwewo. Atatuluka m'chipatala anati ndiwauze apongozi kuti zikomo chifukwa chowanyamula. Ndinatembenuka kuti ndinene monga mwa nthawi zonse, koma ndinalephera. Ndinati amva okha.

Bokosi lija lili m'chipinda chathu, kuseri kwa chitseko. Anthu awiri abwera kudzalifuna, onse bambo a mwana anawakaniza. Nthawi zina ndimawapeza akulipukuta fumbi, ndipo amati akadzapeza galimoto ina yaikulu adzaliikamo. Ine ndikamasesa ndimalizungulira, sindiligwira.