Kamodzi kotalika, kawiri kofupika

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kugwira cholembera. Sukulu ndinaphunzira ya kumudzi kwathu ku Lobi, ndipo Chingerezi changa n'chongotola. Koma mpaka lero alipo amene amati makina a kompyuta a pa ofesi yathu anawakonza ndi mzungu wa ku mishoni. Ndi bodza, ndiye lekani ndinene ndekha.

Ndinali mtsikana wotaipa makalata pa ofesi ya alimi a kachewere. Tinapatsidwa kompyuta imodzi, yoyendera jenereta. M'mawa uliwonse ndikaiyatsa inkalira kamodzi, piii, kenako malemba n'kuoneka pa sikirini. Kwathu belu la tchalitchi timaliwerenga, chifukwa la Misa ndi la maliro salira mofanana. Choncho nditapeza tsamba lofotokoza kaliridwe ka makinawo m'buku lake, ndinalikopera m'kope langa liwu ndi liwu, osauza munthu.

Tsiku lina tcheyamani wa chipani analamula kuti kompyutayo ikaonetsedwe kwa alendo ku bwalo la msonkhano. Anyamata ake anaikweza pa wilibala n'kutsetsereka nayo msewu wamiyala, ikudumphadumpha ngati thumba la mbewu. Kubwaloko kunalibe magetsi. Alendo anaiwombera m'manja ili chizimire.

M'mawa mwake nditaiyatsa, inalira kamodzi kotalika, kawiri kofupika. Sikirini inangoti bii.

Wilibala ija aliyense anaiona, koma masiku amenewo kuloza chala munthu wachipani kunali kudzikumbira dzenje. A bwana a pa ofesi anakhala pa makina akale otaipira, nalemba ndi zala ziwiri kalata yoti ine ndaononga katundu chifukwa cha umbuli.

"Sayina apa, mwanawe, uzipita kwanu mwaulemu. Kumunda kukusowa anthu."

Ine amene ndinkagwada powapatsa tiyi, ndinabisa manja kumbuyo.

"Pepani bwana, sindisayina."

"Wati chiyani?"

"Yanena yokha pamene pakuipweteka. Kamodzi kotalika, kawiri kofupika, ndiye kuti ndi kathabwa kotumiza malemba ku sikirini. Mwina kasuntha."

Dalaivala wathu, amene ankaothera dzuwa pakhomo, anaphulika nako kuseka. "Bwana, kani munalemba ntchito sing'anga! Achemwali, ifunseninso ngati ikufuna nkhuku yoyera."

"Ikufuna sikuludiraiva yanu, achimwene," ndinayankha.

A bwana anatembenukira kwa ine. "Ukatsegula n'kulephera, nkhaniyi ikathera kupolisi, osati kwanu."

Ndinaganiza za amayi anga akumva pabwalo la tchalitchi kuti mwana wawo wachotsedwa ntchito ngati chitsiru, iye atasayina yekha. Ndinazula nthambo yamagetsi, n'kumasula chivundikiro. Mkatimo munali fumbi lofiira la msewu uja. Timathabwa tobiriwira tinalipo tingapo, ndipo poyamba sindinadziwe kogwira. Ndinalondola nthambo yochokera ku sikirini mpaka pamene inalowera. Kathabwa ka pamenepo kanali katatukuka mbali imodzi ngati dzino logwedera. Ndinakakanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri mpaka kanati khe.

Ndinayatsa. Piii, kamodzi. Malemba anabwera.

Palibe anawomba m'manja. Dalaivala anatola sikuludiraiva yake n'kutuluka akuimba mluzu. A bwana anapinda kalata ija n'kuitsekera m'kabati, osaing'amba, kuti ndizikumbukira kuti ilipo.

Ndinakumbukiradi. M'mawa uliwonse ndinkagwada ndi tiyi, kupereka moni, kenako n'kufunsa motsitsa mawu: "Bwana, nanga kalata yanga ija?" Tsiku lina ankati makiyi aiwala kunyumba, lina ankangosuzumira m'kapu. Ine osaleka. Patapita mwezi wathunthu anatopa nane, naiponya patebulo osandiyang'ana. Kunali chisanu, mbaula ili pakati pa ofesi. Ndinaiika pamakala ndi dzanja langa, ndipo ndinaima pomwepo mpaka inapsa yonse. Linali Lachisanu, pa 14 Juni 1991.