Tsiku Limene a Chikafa Anakana Kuwombera Njati

Loweruka lapitali ndinapita kukabwereka sipanala kwa aneba anga kuno ku Chinsapo, abambo Chikafa. Ndinawapeza pakhonde akupukuta kanthu kakuda konga paipi yaifupi, kokhala ndi galasi uku ndi uku.

"Ndi chiyani chimenecho, abambo?"

"Sikopu," anatero. "Timamangirira pamwamba pa mfuti. Nyama ili kutali imaoneka ngati yaima pakhomo pano."

Zaka zonsezi ndimangowadziwa ngati mkulu wa mpingo woweta nkhunda. Sindimadziwa kuti asanapume pantchito anali mlenje wa boma, uja amaitanidwa nyama yakutchire ikavuta m'midzi. Mfuti anabweza. Sikopuyo anagula okha, ndiye inatsala nawo.

Za sipanala ndinaiwala. Ndinakoka mpando.

Akuti chaka china njati inatuluka m'nkhalango ku Kasungu, n'kupha mayi wina kudimba. A Chikafa anatumidwa. Panjira galimoto inagwera m'dzenje, mfuti n'kumenyetseka pachitsulo. Anayang'ana galasi: silinasweke, likuonetsa bwinobwino.

Atafika chakumadzulo, anthu anawalozera njati ija kutsidya kwa dambo. Anagona chafufumimba, kuiika pa kamtanda ka m'galasi, chala chili kale pokhethemulira mfuti. Mudzi wonse unali utaunjikana kumbuyo kwawo.

Anadzuka osawombera.

"Anandikuwiza," anatero akuseka pang'ono. "Mwamuna wa malemu uja anandilavulira pansapato. Amvekere boma latitumizira wamantha."

"Nanga munalekeranji, poti mumaiona?"

"Sikopu ikagwedezeka sikuuza ayi, mwanawe. Imakuonetsa zokongola, chipolopolo n'kupita kwina. Patali ngati paja, kungosuntha pang'ono ngati chikhadabo, wailasa m'mimba m'malo mwa pamtima. Njati yovulala sithawa. Imabwera. Ndipo kumbuyo kwanga kunali amayi, ena ana kumsana."

M'mawa mwake anaimika chivundikiro cha ndowa pachulu, kutali ndi mudzi, n'kuwombera. Chipolopolo chinangofumbula dothi chapambali, chivundikiro osachikhudza n'komwe. Anapotokola timabatani ta sikopuyo, kuyesanso, mpaka chinayamba kuboola pakati. Masana a tsiku lomwelo njati inagwa ndi chipolopolo chimodzi.

Akazi awo, mayi Nangozo, amene ankasankha nyemba pamphasa, analowererapo: "Muwauze zonse. Usiku umene munadikirawo njati inapondaponda dimba la munthu. Mwini wake sanakupatseni moni mpaka munachoka."

"Ndipo sanalakwe," anatero a Chikafa. "Chimanga chake chinapitadi chifukwa cha ine."

Apa m'pamene anandigometsa. Sanadziyeretse. Anadziwa kuti kudikira kuli ndi zowawa zake, koma anasankha kutukwanidwa kusiyana n'kukhulupirira chida chimene sanachiyese.

Inu awerengi, ndi angati a ife tingapirire kukuwizidwa choncho? Wakabaza amamva yekha kuti mabuleki afewa, koma poti pasiteji pali kasitomala akumukodola, amati tikaonera konko. Dalaivala wa minibasi amaliona tayala litatha mpaka mawaya kuonekera, koma akati aime alisinthe, ife okwera n'kumamukalipira kuti tachedwa. Ifeyo ndiye anthu a kumbuyo kwa mlenje aja. Timafuna kumva kulira kwa mfuti lero lomwe, ndipo wotiuza kuti dikirani ndiyese kaye timamutcha wamantha, waulesi, wodzimva.

Sindikunena kuti aliyense wozengereza ndi wanzeru. Ena ndi aulesi ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti a Chikafa sanagonerepo; kutangocha anali kale pachulu.

Ndiye mawa mukakwera njinga yamoto pa Chinsapo pano, woyendetsa akakuuzani kuti tsikani kaye amange buleki, mudzamuthokoza, kapena mudzakwera ya mnzake amene sanayang'ane n'komwe?