Mfundo Yachisanu Yomwe Inandilanda Mnzanga wa Panjinga

Dandaulo langa loyamba ndinalilemba Lolemba la sabata yachitatu ya Ogasiti, chaka cha dzana. Lachiwiri ndinalilemba mu Okutobala chaka chomwecho. Makope a onse awiri ali pathebulo pomwe ndikulemberapa, chifukwa ine sinditaya pepala. Ndinali mphunzitsi mpaka kupuma ntchito, ndipo ngakhale timapepala ta kusikelo ta ana anga, omwe pano ali ndi zidzukulu, ndikadali nato. Inu owerenga, dandaulo lachiwirilo ndi lomwe landivulaza. Ndinalakwa, ndipo ndikufuna mumve mmene munthu wodziwa kulemba amalakwira.

Ine ndinabadwira ku Mlolo koma ndinakwatira ku Zemba, komwe ndikukhala mpaka lero. Mnzanga amene ndinamulembera madandaulowa ndi a Zuze. Anafika ku Mlolo pothawa nkhondo ya ku Mozambique, atanyamula mphasa ndi khasu lopanda mpini, ndipo amalume anga anawadulira munda kuseri kwa dambo. Tinadziwana chifukwa cha njinga. Tsiku lina tcheni cha yanga chinaduka ndikupita kukaona mayi anga, iwo n'kuchilumikiza ndi msomali pamwala, osandifunsa n'komwe dzina.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse tikakolola, thonje litagulitsidwa, sukulu zitatsekera, tinkanyamuka ulendo wa masiku anayi wochezera abale. Ine ndinkalemba kalata mu Julaye yotchula tsiku, n'kupatsira aliyense wopita ku Mlolo. Yankho linkabwera sabata isanathe, lolembedwa ndi zilembo zozungulira bwino, lodzaza ndi nthabwala za a Zuze. Tinkakumana pa boma, pafupi ndi msika, zikwama zili kumsana, pampu ndi zigamba za chubu zili m'thumba, chigubu cha thobwa titamangirira pakaliyala.

Msewu waukulu sitinkaufuna. Tinkadzera tinjira ta m'mapiri, momwe pachitunda umatsika n'kumakankha njinga, thukuta likulowa m'maso. Potsetsereka a Zuze sankakhulupirira mabuleki. Ankangoponda tayala lakumbuyo ndi chidendene cha nsapato, fumbi koboo, kwinaku akundiseka kuti ndimapalasa ngati ndanyamula mazira a apongozi. Tinkagona kwa alongo anga, mawa lake kwa azakhali awo a Zuze, mayi wokalamba amene ankasakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi, ndipo sankatilola kuchoka tisanadye maungu. Tinkabwerako wina ndi nkhuku, wina ndi mbewu ya mtedza. Zonsezi ndinkazilemba m'kope, ndipo ndikagwa m'mchenga a Zuze ankandikumbutsa kuti ndisaiwale kulembanso zimenezo. Masiku amenewo ndimawasowa kuposa mano anga.

Chaka cha dzana ndinalemba kalata monga mwa nthawi zonse. Yankho silinabwere. Ndinapitabe pa boma tsiku lomwe ndinatchula, ndipo ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka ogulitsa mumsika atayamba kulongedza katundu. Ndinabwerera ku Zemba ndekha, chikwama chosatsegula. Mayi akunyumba anandiuza kuti ndipite ku Mlolo ndikaone, mwina kwagwa matenda. Ndinakana. Ndinati wolandira kalata ndiye ayenera kuyankha. A Zuze analibe foni, komanso ine mawu a pafoni sindiwawerengera.

Dandaulo loyamba linali laulemu. Litapanda kuyankhidwa, ndinalemba lachiwiri, masamba atatu, mfundo zoikidwa manambala. Mfundo yachisanu inali yakuti: "Musaiwale kuti munafika kuno mulibe kanthu, ndipo munda umene mukudyerawo ndi wa amalume anga." Ndinaiwerenga kawiri, ndinaona kuti mulibe bodza, ndinamata envelopu. Inu owerenga, si zoona zilizonse zoyenera kulembedwa.

Chaka chatha chinadutsa popanda ulendo. Njinga inachita dzimbiri m'khonde. Mu Juni chaka chino, mayi akunyumba atatopa ndi kung'ung'udza kwanga, anaitulutsa panja n'kundiuza kuti ndikadandaulire mwini nkhani. Ndinapita, koma nditanyamula faelo, kuti ndikawasonyeze a Zuze masiku onse amene anandilakwira.

Ndinawapeza akukonza nkhokwe. Anandipatsa mpando, anandilonjera ngati mlendo wochokera ku ofesi, kenako anati akukathirira kudimba. Pakhonde panali akazi awo, mayi Marita, atakhala pamphasa. Pondipatsa moni anayang'ana komwe kunalibe munthu. Maso onse awiri anali atayera ndi ng'ala.

Iwowa ndi amene anandiuza zonse, mofatsa. A Zuze sanalowepo m'kalasi. Makalata anga onse ankawerenga ndi mayi Marita, ndipo mayankho aja amuna awo ankanena pakamwa, iwo n'kumalemba. Maso atayamba kuvuta, a Zuze anakana kulembetsa kwa munthu wina, poopa kuti ndizindikira kuti dzanja lasintha. Anati adikire kaye maso achire. Komanso sakanasiya mkazi wosaona masiku anayi. Anthu onse a m'mudzimo ankadziwa kuti a Zuze sawerenga. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mphunzitsi, amene ndinayenda nawo zaka zonsezo.

Makalata awiri oyamba a chaka cha dzana aja anangowasunga m'chitini osawerengedwa. Yachitatu inali yonenepa, ndiye anaopa kuti mwina muli uthenga wa matenda kapena maliro. Lamulungu, mapemphero atatha, a Zuze anaipereka kwa mkulu wa mpingo kuti awawerengere. Iye anaiwerenga mokweza pabwalo la tchalitchi, mkamwini wa a Zuze ali pomwepo, amayi a chigwirizano ali pomwepo, kuyambira mfundo yoyamba mpaka siginecha yanga.

Pano ndiyenera kunena kuti mkulu ameneyo naye sanachite bwino. Munthu wanzeru akanaima pa mfundo yoyamba n'kuwatengera a Zuze pambali. A Zuze nawonso anandilakwira pondibisira. Ndinaphunzitsa ana a anthu ambirimbiri, ndikanalephera bwanji mnzanga mmodzi? Koma ndili pakhonde paja ndinakumbukira kuti tikafika pa chikwangwani chilichonse, iwo ankati fumbi lawalowa m'maso, ndiwerenge ndine. M'kope langa muli mayina a mitsinje ndi malo onse amene chubu chinaphulikira, koma ichi sindinachione.

Faelo ndinaisiya pakaliyala, ndinawalondola kudimba. Ndinapepesa pakamwa, ndikuchita chibwibwi ngati mwana wa giredi wanu. Iwo anapitiriza kuthirira tomato mpaka madzi m'chitini anatha, kenako anati:

"Aphunzitsi, munda wa amalume anu ndausamala bwino. Mukaufuna, ingonenani pakamwa. Makutu ndili nawo."

Ndinati munda sindikuufuna, ndikufuna tiyendenso mu Ogasiti, ngakhale tsiku limodzi lokha, mwana wawo wamkazi atsale ndi amayi ake. Anayankha kuti amva. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga tichitira ndi mlendo aliyense, osatsina n'komwe matayala a njinga yanga kuti aone mpweya, chinthu chomwe sankaiwala. Mpaka lero sindinamve kanthu.

Inu owerenga, makamaka anzanga opuma ntchito amene timanyadira cholembera, mverani. Mnzanu akakhala chete, musathamangire pepala. Pitani mukamuone, miyendo ikadali yolimba. Kuchokera ku Zemba kukafika ku Mlolo sikunandithere tsiku, koma ine ndinadikira yankho pafupifupi zaka ziwiri. Mawu oipa a pakamwa umawabweza ukaona nkhope ya mnzako ikusintha. Kalata ilibe maso. Sudziwa amene adzaitsegule, kapena amene adzakhale akumvetsera. Ndipo chabwino chimene makolo anu anachitira munthu si chanu choti muzimukumbutsa. Amalume anga anapereka munda uja osalemba paliponse.

Tsono pempho langa ndi ili. Chipongwe changa chinawerengedwa pagulu, choncho kupepesa kwanga kuwerengedwenso pagulu. Ndikupempha mwaulemu mkulu wa mpingo yemwe uja, popeza mawu ali nawo okwanira, kuti awerenge nkhaniyi mokweza pabwalo lomwelo, a Zuze ali pomwepo, ndipo anthu amve kuti mfundo yachisanu ndaibweza yonse.

Kwa inu a Zuze, ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe: tinyamuka Ogasiti uno kapena ayi? Musavutitse munthu ndi cholembera. Lamulungu lomwelo ndidzakhala nditaima kunja kwa tchalitchi, ndipo yankho lililonse limene munganene ndidzalilandira.