Theka la Dimba la Ababa

Chaka chimene ukwati wanga unatha ndinabwerera kumudzi kuchokera ku Lilongwe, ndili ndi mwana wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi. Mudzi wathu uli kufupi ndi Nsaru, m'mbali mwa dambo lomwe siliuma ngakhale mu Okutobala. Ndinapeza ababa akukhala okha. Iwo anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, ndipo amayi atamwalira abale a ababawo anadzawatenga, koma anakana kupita. Anati fodya wawo anazolowera dothi la kuno.

Kudambo kunali dimba lomwe amayi analandira kwa amayi awo. Ababa ndiwo ankaligwiritsa ntchito, ndipo ntchito yake inali imodzi yokha: nazale ya fodya. Ankafesa mu Seputembala, kuwokera mvula ikagwa, kenako dimbalo linkangomera udzu mpaka chaka china. Chilimwe chikafika ndiwo zathu zinali mfutso, ukatha tinkadya nyemba kapena tinsomba touma togula pamsika.

Mwana wanga sankanenepa. Mwezi uliwonse ndinkapita naye kusikelo pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo mzere wa pakhadi lake sunkakwera. Alangizi a zaumoyo, mayi wamtali yemwe ankabwera panjinga, ankandifunsa zomwe mwanayo amadya. Ndinkachita manyazi kuyankha.

Tsiku lina sikelo itatha, alangiziwo anatiuza kuti tisabalalike. Anati kuli bungwe lina lomwe likupereka thandizo kwa magulu a m'midzi ofuna kulima ndiwo zamasamba limodzi, zodya osati zogulitsa, makamaka komwe ana akunyentchera. Pankafunika gulu, malo okhala ndi madzi chaka chonse, ndi munthu wolemba fomu ya Chingerezi. Gulu linapezeka pomwepo, amayi a mumphakati mwathu, omwe tinkapemphera nawo Lachinayi lililonse. Fomu anandipatsa ine chifukwa ndinafika kusekondale. Atatchula za malo, onse anatembenukira kwa ine.

"Dimba lija ndi la amayi anu," anatero mayi wina wachikulire, wapampando wa mphakati. "Ndiye kuti ndi lanu. Bambo anu akungobwereka."

Ankanena zoona malinga ndi mwambo wathu. Koma ine ndinali nditangobwera kumene, ndikudya chimanga cha m'nkhokwe ya ababa. Ndikanayamba bwanji kuwakumbutsa kuti ndi mkamwini? Ndinangoti ndikawapempha.

Ndinawapeza akukonza chigafa cha fodya. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse. Anamvetsera uku akumanga luzi, osandiyang'ana.

"Nanga nazale yanga ndikafesa pati?"

"Mwina mutatipatsako mbali, ababa."

"Azimayi khumi ndi ana awo, kupondaponda pafupi ndi mbande zanga? Ayi, iwe. Ndiwo zimamera zokha m'munda nthawi ya dzinja. Za chilimwe n'za anthu a m'tauni."

Fomu ija ndinaiika m'Baibulo, malo olemba za dimba ali osalembedwa.

Mwezi wotsatira ndinadwala malungo tsiku la sikelo. Ababa anati mwana asajombe, anamumangirira pachifuwa ndi chitenje changa n'kukwera njinga. Anali asanachitepo zimenezi chibadwire. Zomwe zinachitika kumeneko ndinamva kwa alangizi aja pambuyo pake. Anati ababa anakhala pamzere pakati pa amayi, chipewa chili pabondo. Nthawi yawo itakwana, alangizi anakulunga kalamba koyezera pamkono wa mwana, ndipo kanaima pa mtundu wachikasu. Ababa anafunsa tanthauzo lake. Anawauza kuti mwana sanafike poipa, koma akulowera komweko. Anafunsanso kuti ana ena pamzerepo ali bwanji, ndipo alangizi anati wathuyu si yekha.

Atabwerako sananene kanthu za kusikelo. Patatha masiku atatu anandiitana kuti tipite kudambo. Anali atakhoma kale zikhomo zinayi, kudula dimba pakati.

"Uku n'kwanu," anatero. "Uko n'kwanga. Munthu asadumphe. Lemba pepala lako lija."

Fomu ndinaitumiza, koma yankho la bungwe lija linachedwa moti ena anaiwala. Linabwera chaka chinacho, titakolola. Galimoto inatula waya wa mpanda, makheni othirira, makasu, pampu yopalasa ndi miyendo, ndi katoni ya mbewu: mpiru, repu, tchainizi, kaloti, tomato, anyezi. Panabweranso zingwe za mbatata yofiira mkati. Anatiphunzitsa masiku awiri m'tchalitchi, ndipo ine ndinalemba zonse m'kope. Amuna a anzathu anatithandiza kuzika mitengo ya mpanda. Ababa sanabwere.

Kufesa kwathu koyamba kunali kochititsa chisoni. Tonse tinkadziwa kulima chimanga ndi mtedza, koma timbewu tating'ono ngati mchenga tinali tachilendo m'manja mwathu. Tinawaza mothithikana, tinathirira ndi paipi ya pampu mwachindunji, madzi n'kukokolola mbewu kuziunjika kumapeto kwa bedi. Zomwe zinamera zinali zoonda, ndipo patapita masiku zinayamba kuwola m'tsinde n'kugwa. Anthu anayamba kulozana zala. Mayi wina anasiya kubwera, akuti akutaya nthawi yosenda mtedza.

Nthawi imeneyo ababa anali atayamba kutipula mbali yawo, kukonzekera nazale. Ankatimva tikukangana. M'mawa wina tikufesanso kachiwiri, ndinaona aimika khasu, akutiyang'ana kudzera pawaya. Wapampando uja anatapa mbewu yodzaza dzanja kuti awaze. Ababa analephera kupirira.

"Mayi, taimani! Kodi mukudyetsa nkhuku?"

Tonse tinaseka, ngakhale wapampandoyo. Ababa anazungulira, nalowa pachipata, napempha mbale. Anasakaniza mbewu pang'ono ndi mchenga wouma, anasalaza bedi ndi chikhatho, analemba timizere ndi kamtengo, n'kuyamba kufesa atawerama, dzanja likuyenda pang'onopang'ono. Atatha anatituma kukamweta udzu wouma wopanda njere, anaphimba bedi lonse, natenga kheni n'kuthirira pamwamba pa udzuwo kuti madzi azitsika mofatsa.

"Zikamera muzichotsa udzu pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi," anatero. "Mwana wakhanda simumutulutsa padzuwa nthawi imodzi, eti? Ndipo pampu yanuyo izidzaza mgolo, osati kuthira pabedi."

Anabwerera mbali yawo ngati sanachite kanthu. Mawa lake anabweranso kudzaona ngati tathirira bwino. Mkuja wake anabwera ndi manyowa a m'khola la mbuzi pawilibala. Palibe amene anawalemba m'kaundula wa gulu, ndipo iwo ankakana kuti ali m'gululo. Ankati akungodutsa.

Chinthu chimodzi tinawaphunzitsa ife. Pakati pa mizere panamera bonongwe ndi chisoso, ndipo ababa anayamba kuzula n'kutayira kunja kwa mpanda monga amachitira ndi udzu wa munazale. Wapampando anathamanga kukatola. Anawauza kuti zimenezo ndi ndiwo, ndipo ana amazikonda kuposa repu zikatenderedwa ndi nsinjiro. Kuyambira pamenepo tinasiya bedi limodzi la masamba omera okha, ndipo tinkasunga njere zake m'mabotolo.

Tinkathyola Lachiwiri ndi Loweruka. Oyamba kulandira anali amayi oyembekezera ndi omwe ana awo ankavutika kusikelo, kenako okalamba, kenako ife tonse. Alangizi anationetsa kusinja masamba ophika n'kuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Mwana wanga analavula tsiku loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu ababa anamutenga pamiyendo, anayamba adya okha sipuni imodzi akuchita ngati n'zokoma kwambiri, ndipo mwana anatsegula pakamwa. Sindinganene kuti ndi dimba lokha lomwe linamuchiritsa, popeza kuchipatala cha mishoni anamupatsanso mankhwala a njoka za m'mimba. Koma mvula isanagwe mzere wa pakhadi unayamba kukwera, ndipo anasiya kulira kosalekeza kuja.

Thandizo linali la zaka ziwiri, ndipo zitatha a bungwe aja sanabwerenso. Pampu inagwira ntchito chaka china chimodzi, kenako mphira zake zinatha ndipo zatsopano sitinazipeze ku Nsaru. Tinabwerera ku makheni. Ena anatopa n'kusiya, ena atatu anakatsegula timadimba tawo kumunsi kwa dambo, zomwe poyamba zinatipweteka mtima, mpaka tinaona kuti ndiwo zachuluka m'mudzi. Kaloti tinaleka chifukwa mbewu yake n'njogula chaka chilichonse. Mpiru, bonongwe, tomato ndi mbatata zilipobe.

Ababa analimabe fodya zaka zingapo, mpaka msana unawakaniza kuwerama nthawi yaitali. Atasiya, mbali yawo ya dimba anadzalamo nthochi ndi nzimbe. Masiku ano amapita kudambo dzuwa likafunda, atanyamula kampando, n'kukhala pamthunzi kuyang'ana tikugwira ntchito. Maso awo achita chidima koma bedi lokhota amaliona ali patali, ndipo salekerera. Sabata yatha anakalipira mpongozi wa wapampando, yemwe wangolowa kumene m'gulu, kuti wawokera tchainizi masana dzuwa lili pamutu. Mtsikanayo anapepesa, ndipo madzulo ake anawapititsira mbale ya mpiru wotendera. Anadya wonse, n'kunena kuti mchere unachepa.