Mausi Ili M'kabati, Kiyi Ali Kumaliro

Ndinanyamuka pa Madisi 6 koloko m'mawa nditakwiya kale. Dzulo lake anandiimbira foni achemwali anga, amene amaphunzitsa pa sekondale ina kuseri kwa Malomo. "Achimwene, kompyuta yakana netiweki. Mayina a ana a Folomu 4 akapanda kutumizidwa mawa isanakwane 4 koloko, ana salemba mayeso." Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndiye pamtundu pathu ndine kapolo wa aliyense.

Minibasi ya ku Mponela inandidya K3,000. Kondakitala akuti, "Bwana, tasunthani pang'ono." Ndinamufunsa ngati akufuna ndikwere padenga, poti kumanzere kunali thumba la soya, kumanja mayi ndi nkhuku zawo. Pa Mponela ndinamwa tiyi ndi mandasi oti ukhoza kumangira nyumba. Galimoto ya ku Ntchisi inkanyamuka "pompano" kwa maola awiri.

Pa boma ndinafika 11 koloko, n'kukwera njinga yamoto ya K8,000. Wakabazayo ankatsika zitunda ngati kumwamba akumudikira.

"Aise, ndili ndi ana ine!"

"Musaope, madala. Mabuleki ndakonzetsa dzana."

Cha m'ma 1 koloko ndinalowa mu ofesi ya sukulu, fumbi mpaka m'makutu. Achiwiri kwa ahedi, bambo aulemu wawo, anavundukula chitenje chimene anafunditsa kompyuta. Inayaka bwinobwino. Pakona pa sikirini panali kachizindikiro ka netiweki, kongofunika kudina ndi mausi kuti pulogalamu yolumikizira itseguke.

"Mausi ili kuti?"

"M'kabati, bambo. Ina inabedwa, ndiye ahedi amaikiyira."

"Kiyi?"

"Ali ndi ahedi."

"Nanga ahediwo?"

"Ali kumaliro ku Bowe. Abwera Loweruka."

Ku Bowe! Kufupi ndi komwe ndachokera! Masiku atatu aphunzitsi asanu ndi awiri akhala akuyang'ana kachizindikiroko ngati mwezi watsopano. Ndinati tithyole kabati. Achiwiriwo anagwira pamtima: "Katundu wa boma ameneyo, bambo."

Ndinameza mawu ena osayenera pasukulu. Ndinadina mabatani atatu a pakiyibodi pamodzi, ndipo panatseguka windo yakuda bii, ya malemba okhaokha, imene timati temino.

"Mayo, aipha!" anakuwa achemwali.

"Khalani chete, mayi a Chikondi. Khomo lakumaso likatsekedwa timalowera lakuseri."

Ndinalemba dzina la pulogalamu ija, zilembo zisanu zokha. Inatseguka pomwepo, yopanda zithunzi, yonyansa ngati lisiti la kuchigayo, koma mayina a manetiweki onse ali ndondondo. Ndi mabatani a mivi ndinatsika mpaka pa ya sukulu, n'kulemba pasiwedi. Inagwira.

Koma ntchito inali ikadalipo. Fomu ya mayina tinayenda nayo ndi batani limodzi lodumphira, bokosi ndi bokosi, achemwali akuwerenga, ine ndikulemba, achiwiri akupemphera. Dzina lomaliza linapita kutatsala mphindi 20 kuti 4 koloko ikwane. Achemwali anangoti khwethe pansi, n'kuyamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ndisananyamuke ndinawakhazika pampando, ndipo anatsegula okha windo yakudayo katatu. Kachitatu sanandiyang'anenso n'komwe. Pobwerera ndinaganiza kuti mwina wolakwa ndine, amene zaka zonsezi ndimangowakonzera osawaonetsa. Anawo mayeso alemba. Zokhoza n'zawo, asandiimbire ine.