Khadi Limene Linkatsala Chala Chimodzi Kunja

"Kodi laputopu yanu ija ikadali moyo, aneba?"

Anandifunsa choncho mayi oyandikana nafe ku Mbayani, ine ndikuyanika zovala. Ankafuna ndiwaikire nyimbo za kwaya pa fulashi yawo. Ndinawauza kuti ili moyo, kungoti ndi nkhalamba, muyenera kuilankhula mwaulemu.

Laputopuyo amuna anga anapatsidwa ku ofesi ina ku Sunnyside kumene amagwira ntchito yaumesenjala. Inali yolemera ngati njerwa ziwiri, ndipo timabowo take tolowetsa fulashi tinafa kalekale. Choncho anagula kakhadi kachitsulo kolowetsa m'mbali, kokhala ndi timabowo tiwiri tatsopano. Ukalikankha, khadilo linkati thi, kompyuta n'kulira kamodzi kusonyeza kuti yaliona. Popanda khadilo palibe chimene chikanatuluka mmenemo. Ndipo mkatimo munali zithunzi za ubatizo wa mwana wathu wamkazi. Alamu anga anajambula ndi kamera yobwereka, n'kuzithira mu laputopu, kamera n'kubwerera kwa eni ake. Kwina kulikonse kunalibe. Mwezi uliwonse tinkanena kuti tikazitsukitsa mwezi wamawa.

Tsiku limenelo ndinalowetsa khadi, kompyuta inangokhala duu. Ndinalitulutsa, kuliuzira, kulipukuta ndi chitenje, kulilowetsanso. Duu. Ndinazimitsa n'kuyatsanso katatu, anebawo atakhala pampando fulashi ili m'manja ngati ali pamzere wa kusikelo. Chimodzi chokha ndinachiona: khadilo silinkalowa lonse. Linkatsala kunja ngati chala chimodzi, ndipo thi uja sankamveka.

Madzulo amuna anga atabwera anayesa njira yawo, yomwe ndi kukankha mwamphamvu n'kuyang'ana kudenga. Anati vuto ndi madalaivala. Umu ndi mmene anyamata a ku ofesi amanenera, akuti ndi timapulogalamu timene timauza kompyuta kuti chimene walowetsacho n'chiyani. Ine ndinalekera Sitandade 8, ndiye ndinangovomera. Za chala chija ndinazisunga mumtima, poganiza kuti n'zazing'ono kwambiri kuzitchula pakati pa mawu akuluakulu ngati amenewo.

Mawa lake ndinabereka mwana, laputopu ndinaikulunga m'thaulo, ulendo wa m'tauni. Bambo woyamba wokonza makompyuta, pa kashopu kena ka pansi pa masitepe, anatsegula mndandanda wautali pa sikirini n'kundionetsa kuti khadi langa mulibemo, ngakhale kachizindikiro kachikasu kosonyeza vuto kalibe. Anaika madalaivala amtundu umodzi, anaika ena, kenako anati zoterezi amazitha ndi mnzake wa ku Limbe. Anandilembera pakapepala mmene ndingamupezere.

Wa ku Limbeyo anali kuseri kwa sitolo ya amwenye yogulitsa nsalu. Munthu wansangala, wa magalasi omanga ndi waya. Mwana wanga anamupatsa bisiketi, ine anandipatsa mpando wopanda chotsamira. Anayesa khadi langa mu laputopu ina, linagwira bwinobwino. Ndiye anati matenda ali m'kati, pulogalamu yaikulu yavunda, pafunika kufomata n'kuyamba zonse mwatsopano.

"Nanga zithunzi za mwana, achimwene?"

"Musadandaule, mayi. Ndiziika mbali ina, sizikhudzidwa."

Pamenepo pakamwa panga panatseguka kuti ndinene za chala chija. Koma panalowa bambo wina wa tayi ndi makina ake osindikizira, onse anayamba kuyankhula Chingerezi, ine n'kutseka pakamwa. Ndinamusiyira laputopu kuti afomate, n'kupita kukaona nsalu, mwana akukoka chilichonse chimene dzanja lake lafikira.

Nditabwerera ndinapeza sikirini yoyera ngati mbale yotsuka, bambo a magalasi aja akukanda mutu. Analowetsa khadi, duu. Anaika madalaivala ake, duu. Nditafunsa za zithunzi, anasakasaka nthawi yaitali, anavula magalasi, kenako anati laputopuyi inalibe mbali ziwiri monga ankaganizira, inali ndi mbali imodzi yokha, ndiye zithunzi zinafufutika pamodzi ndi zonse. Anapepesa kwambiri. Anayesa kuzibweza ndi pulogalamu ina, koma zimene zinabwera zinali zidutswa, theka la nkhope, denga la tchalitchi, nsapato za munthu wina.

Mu minibasi sindinalire. Ndinkangoganiza za chala chija mpaka kusiteji.

Nditafika kunyumba ndinaigoneka laputopu chammbali pa mphasa, dzuwa likadalipo, n'kuwalitsa tochi ya foni m'kabowo ka khadi. Mkati mwenimweni munkaoneka kanthu kofiira. Ndinatenga singano yanga yolukira zipewa, n'kukokera pang'onopang'ono, ngati mmene umachotsera nyemba m'mphuno mwa mwana. Kanatuluka kakhadi ka mayunitsi kokanda kale, kopindidwa pawiri. Pambuyo pake kanatuluka kena. Kenako khoko la mtedza.

Mwana wanga, wa zaka ziwiri panthawiyo, anaombera m'manja n'kunena kuti, "Yanga." Anali akuona bambo ake akulowetsa khadi m'mbalimo tsiku ndi tsiku, ndiye naye ankalowetsa makhadi ake amene ankatola pakhomo pa okala.

Ndinalowetsa khadi lenileni. Thi. Kompyuta inalira kamodzi, mokoma ngati palibe chimene chachitika.

Amuna anga atamva anafunsa chifukwa chake sindinanene kuti khadi silikulowa lonse. Ndinawafunsa kuti iwo, amene ankakankha ndi mphamvu zawo zonse, sanaone bwanji. Tinayang'anana, kenako tonse tinayang'ana mwana, yemwe anali kalikiliki kuyesa kulowetsa supuni mu wailesi.

Aneba aja anabweranso Loweruka ndi fulashi yawo. Khadi linagwira msangamsanga, koma nyimbo zoti ndiwaikire munalibe. Anaseka mpaka kugwira chitseko, n'kunena kuti kuyambira lero mafoni onse a mumzere wathu azibwera kwa ine ndi singano yanga. Ena amabweradi. Ndisanamve za madalaivala, ndimayamba ndawalitsa tochi m'kabowo.

Zimene zinapita ndi izi: zithunzi makumi atatu ndi ziwiri za ubatizo, kanema mmodzi wa tsiku limene mwana anayamba kuyenda, ndi nyimbo zonse za kwaya.