Mawu Anandithera pa Nathenje

Ntchito yoimba inandipeza ndikuitanira minibasi pa depoti ya Mitundu. Ndinali nditayesapo kusoka fodya, kugulitsa kaunjika ndi kuumba njerwa, koma palibe pamene ndinakhalitsa miyezi itatu. Tsiku lina a Kamwendo, omwe anali ndi shedi yowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, anaima patsogolo panga osakwera galimoto.

"Mawu amenewa mukungowataya," anatero. "Mubwere kushedi Lachitatu."

Kushediko ndinapeza magitala awiri, gitala ya besi, ng'oma zachizungu zomanga ndi mawaya, ndi amplifaya yokuzira mawu imene a Kamwendo anakonza okha. Anali ndi gulu loimba limene ankalitcha Nyundo, ndipo nyimbo zake zinali za metalo: gitala yolira mokalipa, ng'oma zothamanga, woimba wobangula ngati mkango. Odutsa ankati ndi nyimbo za ziwanda, chonsecho tinkaimba za kudula kwa feteleza ndi za mavuto a matenanti m'maesiteti.

A Kamwendo anandiphunzitsa kuti kubangula sikuchokera kukhosi. Ankandigoneka chagada n'kundiika njerwa pamimba kuti ndiziikweza ndi mpweya. Ndisanagwire maiki ndinkayenera kung'ung'uza mphindi khumi, kumwa madzi ofunda, kenako kuyesa monita, sipika yaing'ono yoyang'ana woimba kuti azidzimva. Ine zonsezi ndinkaziona ngati zongochedwetsa. Mtima wanga unali kale mumzinda.

Patatha miyezi ingapo tinaitanidwa kukaimba pa Nathenje tsiku la msika, titakwera pa lole. Tinamva kuti mayi wina wokonza zoimbaimba ku Lilongwe adzakhalapo. Jenereta inafika mochedwa, dzuwa lili paliwombo, anthu atayamba kubalalika. A Kamwendo anati tiyese kaye zida. Ine ndinakana.

"Anthu akupita, tiyeni tingoyamba," ndinatero, n'kusolola maiki.

Nyimbo yoyamba isanathe ndinazindikira kuti monita sikugwira. Ndinkangomva ng'oma kumbuyo kwanga, mawu anga osawamva konse. M'malo mokweza dzanja kuti tiime, ndinayamba kukankha ndi kukhosi, fumbi la pamsika likulowa m'kamwa. Pa nyimbo yachitatu ndinalawa magazi. Nditatsegula pakamwa kuti ndilowe kolasi, panangotuluka mpweya. Anzanga anabwereza chigawocho kawiri akundidikira. Kenako bambo wina wogulitsa mbuzi anakuwa kuti chiwanda chatuluka, msika wonse n'kufa ndi phwete.

Pamene ndinkatsika pa lole, mayi uja anali atanyamuka kale.

Kuchipatala anandiuza kuti ndisalankhule milungu itatu, apo ayi mawu sadzabwerera. Pakhomo sindinkakhazikika. Ndinkayenda mpaka kushedi n'kubwerera osalowa, poti ndinali nditamva kuti akuyesa woimba wina wa ku Malingunde. Ndinafika polongedza chikwama kuti ndikalowe utenanti ku Kasungu.

Mlungu wachinayi a Kamwendo anabwera kwathu atanyamula waya wa monita uja. Anamasula pulagi n'kundionetsa pamene unaduka.

"Mphindi ziwiri zokha tikanapapeza," anatero. "Wa ku Malingundeyu amaimba bwino, koma fodya sanasokepo, nyimbo zathu sizimukhudza. Bwererani, koma mawaya onse muziyesa ndinu."

Chaka chotsatira tinaimba ku Lilongwe, kenako ku Blantyre. Lero nyimbo zathu zimamveka pawailesi, ndipo achinyamata a pa Mitundu amavala malaya olembedwa dzina la gululi. Mawu anga okwera sanabwerere onse, moti pali nyimbo ziwiri zimene tinachita kuzitsitsa. Phuma nalonso silinandithere. Koma kaya anthu akuwe motani kuti tiyambe, ndimayamba ndagwada n'kuyesa waya uliwonse, ndipo ndikangosiya kudzimva ndimakweza dzanja, gulu lonse n'kuima.